Makina Othandiza Kupuma Popanda Kuboola Pakhosi

Munthu wamkulu amene wangokhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi iliyonse. Pa tsiku lathunthu amenewa ndi maulendo opitirira 17,000, ndipo palibe ngakhale umodzi umene amachita kuukumbukira. Ambiri amaganiza kuti mapapo ndi amene amakoka mpweya, koma ayi, mapapo alibe mphamvu yodzitambasula okha. Ntchitoyo ndi ya minofu: mnofu waukulu wopyapyala umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba, umene madokotala amautcha diaphragm, ndiponso timinofu ta pakati pa nthiti. Mnofu waukuluwo ukatsikira kumimba, nthiti n'kutukuka, m'chifuwa mumatakasuka ndipo mpweya umalowa wokha. Minofuyo ikamasuka, chifuwa chimabwerera m'chimake n'kukankhira mpweya kunja. Wosula makasu sangavutike kumvetsa zimenezi, pakuti mvukuto wake umatero: chikopa chikhoza kukhala chabwinobwino, koma popanda dzanja lochikoka ndi kuchikankha, makala sayaka.

Kupuma kumagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Kumalowetsa okosijeni, amene ndi magawo 21 pa magawo 100 alionse a mpweya wamba, ndipo kumatulutsa carbon dioxide, mpweya woipa umene thupi limapanga likamasandutsa chakudya kukhala mphamvu. Kusinthanaku kumachitikira m'timatumba ting'onoting'ono ta m'mapapo, mmene magazi ndi mpweya zimangolekanitsidwa ndi kachikopa kopyapyala zedi. Ntchito ziwirizi sizilephereka mofanana. Chibayo chimadzaza timatumbato ndi mafinya, okosijeni n'kuchepa m'magazi, koma wodwalayo amapuma mothamanga moti mpweya woipa umatuluka ndithu. Zimasiyana ndi pamene mvukuto weniweniwo wafooka. Mpweya wolowa ndi wotuluka umachepa, ndipo woipa uja umayamba kuunjikana m'magazi. Madokotala amauyeza potenga magazi mumtsempha wogunda wa pamkono. Mwa munthu wathanzi muyezo wake umakhala pakati pa 35 ndi 45 mmHg. Ukamakhala pamwamba pa 45 ngakhale masana, kwa milungu ndi miyezi, ndiye kuti munthuyo ali ndi vuto lokhalitsa lolephera kupuma mokwanira.

Odwala oterewa ndi amene amathandizidwa ndi njira imene m'zipatala imadziwika mwachidule kuti NIV. Makina aang'ono, osaposa wailesi ya panyumba, amakankha mpweya kudzera m'paipi yofewa kupita ku masiki yomangidwa pamphuno, kapena pamphuno ndi pakamwa pomwe. Palibe chubu cholowetsedwa kukhosi, palibenso bowo lobooledwa pakhosi. Wodwala amavala masikiyo pogona, m'mawa n'kuivula, n'kumadya, kuyankhula ndi kuyenda ngati wina aliyense.

Zimene zimafooketsa mvukuto

Matenda ofikitsa munthu pamenepa ndi amitundumitundu, ndipo ena sakhudza n'komwe mapapo. Ofala kwambiri ndi a COPD, amene amatupitsa ndi kuchepetsa njira za mpweya mpaka kalekale, timatumba ta m'mapapo n'kumang'ambika. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2019 matendawa anapha anthu 3.23 miliyoni, ndipo anali achitatu pa matenda opha anthu ambiri padziko lonse. Gwero lake lalikulu ndi fodya, koma kumene anthu amaphikira nkhuni ndi makala, utsi wa m'khitchini nawo umalowererapo. Mayi amene watha zaka 40 akuwerama pamafuwa m'kakhitchini kopanda zenera akhoza kudwala matendawa asanalawepo ndudu ngakhale imodzi. Chimene chimavuta wodwala COPD n'kutulutsa mpweya. Pa kupuma kulikonse wina umatsalira mkati, chifuwa chimatukuka ngati mgolo, ndipo diaphragm, imene imayenera kukhala yobiriwira m'mwamba ngati mbale yovundikira, imaphwatalala. Mnofu wophwatalala sukoka bwino. Umalimbika mowirikiza, phindu lake lochepa, mpaka umatopa.

Chifuwa chachikulu chimasiya zipsera. Munthu akhoza kumaliza mankhwala a miyezi 6, makhololo ake n'kupezeka opanda tizilombo, koma mapapo atakwinyika ndi kuuma moti kuwatambasula kumafuna mphamvu yambiri. TB ikagwira mafupa a msana imawaphwanya, msana n'kupindika kukhala linunda, nthiti n'kupanikizana. Chimodzimodzinso amene msana wawo unakhota kuyambira paubwana: chifuwa chawo chimauma pamene akukula, ndipo vuto la kupuma limadzaonekera ali akuluakulu.

Pali gulu lina limene mapapo ake ndi angwiro, chofooka ndi mnofu kapena mitsempha youlamula. M'gululi muli amene anapuwala ndi poliyo, anyamata obadwa ndi matenda a Duchenne amene amadya minofu pang'onopang'ono mpaka mwana kuleka kuyenda cha m'ma zaka 12, ndiponso odwala ALS, matenda amene anagwira wasayansi Stephen Hawking. Kunenepa kopitirira muyezo nako kumatero: mafuta a pamimba ndi pachifuwa amalemera ngati thumba la chimanga losenzetsedwa pa nthiti, makamaka munthu akagona chagada.

Vutoli limayamba usiku

Munthu aliyense akagona amapuma mocheperapo kusiyana ndi masana. Pa nthawi ya tulo tolota, thupi limafooketsa dala minofu pafupifupi yonse kuti munthu asachite zimene akulotazo, ndipo diaphragm imatsala yokha pantchito. Kwa wathanzi zimenezi zilibe kanthu. Kwa amene diaphragm yake ndi yofooka kale, amene masana amadalira timinofu ta m'khosi ndi m'mapewa kuti tithandizire, nthawi imeneyi ndi yoopsa. Okosijeni amatsika, mpweya woipa umakwera, ubongo n'kumudzidzimutsa kuti apume. Amagonanso, zomwezo n'kubwereza, mpaka tambala kulira.

M'mawa amadzuka mutu ukuwawa, chifukwa mpweya woipa umatanula mitsempha ya magazi ya m'mutu. Mutuwo umasiya wokha pakapita ola limodzi kapena awiri, mawa lake n'kubweranso. Masana amangosinza: pamacheza, m'minibasi, m'tchalitchi. Kugona chagada amasiya, amayamba kusanjikiza mapilo, mwinanso kuchezera atakhala tsonga pampando. Chilakolako cha chakudya chimatha. Pakapita nthawi mapazi amatupa, chifukwa mbali ya kumanja ya mtima imatopa ndi kupopera magazi m'mapapo osowa okosijeni. Achibale amangoti ndi ulesi kapena ukalamba, ena n'kumapita naye kukayezetsa malungo kawirikawiri.

Thupi limazolowera, ndipo kuzolowerako ndiye msampha. Mpweya woipa umachulukitsa asidi m'magazi, choncho impso zimayamba kusunga mchere wotchedwa bicarbonate kuti uchepetse asidiyo. Tsono ubongo umadalira asidi yemweyo kuti udziwe nthawi yofulumizitsa kupuma. Asidi akabisika, ubongo umaleka kutekeseka. Munthu amayenda ndi muyezo wa mpweya woipa umene ukanagwetsa mnzake wathanzi, mpaka tsiku lina kachimfine wamba kamamufikitsa kuchipatala ali chikomokere.

Kuchokera ku chithanki chachitsulo kufika ku masiki

Maganizo opumitsa munthu ndi makina popanda kumuboola si atsopano. Mu 1928 Philip Drinker ndi Louis Agassiz Shaw a ku yunivesite ya Harvard ku America anapanga chithanki chachitsulo chimene chinatchuka ndi dzina lakuti iron lung. Wodwala ankalowamo thupi lonse, mutu wokha uli kunja, khosi litazunguliridwa ndi mphira. Pampu ikayamwa mpweya wa m'thankimo, chifuwa chinkatukuka, mpweya n'kulowa m'mphuno, ndipo ikaubwezera chifuwa chinkaphwa. Woyamba kuchigwiritsa ntchito anali mtsikana wa zaka 8 wodwala poliyo pachipatala cha ana ku Boston. Chithankicho chinkatsanzira mmene thupi limapumira, pokoka chifuwa kuchokera kunja, koma chinali cholemera makilogalamu mazanamazana, ndipo ngakhale kusambitsa wodwala inali ntchito. Paul Alexander wa ku Dallas, amene anadwala poliyo mu 1952 ali ndi zaka 6, anadalira chithanki chotere kwa zaka zoposa 70. Anaphunzira mpaka kukhala loya, ndipo anamwalira mu Marichi 2024.

Chaka chomwecho cha 1952 mliri wa poliyo unabuka mumzinda wa Copenhagen ku Denmark. Chipatala cha Blegdam chinali ndi iron lung imodzi yokha, pamene odwala ofa ziwalo zopumira ankafika tsiku ndi tsiku, ndipo oposa 80 pa 100 alionse ankamwalira. Dokotala wogonetsa anthu pa opaleshoni, Bjørn Ibsen, anazindikira kuti chimene chinkawapha ndi mpweya woipa wounjikana m'magazi. Analangiza zoboola pakhosi, kulowetsa chubu, n'kumakankha mpweya ndi thumba la mphira lofinya ndi manja. Ophunzira zaudokotala mazanamazana anasinthana usana ndi usiku kwa miyezi, aliyense atakhala pambali pa bedi akufinya thumba, ndipo imfa zinatsika ndi theka. Zipinda za odwala mwakayakaya za masiku ano zinachokera pamenepo. Koma bowo la pakhosi lili ndi mtengo wake. Kuyankhula kumavuta, makhololo amafunika kuyamwidwa ndi makina kangapo pa tsiku, tizilombo timapeza khomo, ndipo wodwala sangasiyidwe yekha.

Chotsala chinali kupeza njira yokankhira mpweya popanda bowo, ndipo yankho linachokera ku matenda ena. Mu 1981 Colin Sullivan wa ku Sydney ku Australia anafalitsa zimene anapeza pa odwala asanu amene kukhosi kwawo kunkatsekeka akagona, anthu oliza mkonono n'kumabanika m'tulo. Anawapopera mpweya m'mphuno pogwiritsa ntchito injini ya makina oyamwa fumbi m'nyumba, ataitembenuza kuti izipemerera, ndipo mpweyawo unagwira kukhosi kuti kusafote. Imeneyi ndiyo CPAP. Mamasiki okhala bwino pamphuno atapezeka, madokotala m'zaka za m'ma 1980 anayamba kuwalumikiza ku makina opumitsa, n'kumathandiza usiku wokha odwala a minofu yofooka ndi a msana wopindika. Cha mu 1990 kampani ya Respironics ya ku Pennsylvania inatulutsa makina aang'ono okankha mpweya pa milingo iwiri, n'kuwatcha BiPAP. Lero ambiri amatchula makina onse a mtunduwu ndi dzina limeneli, monga mmene mankhwala alionse otsukira mano amangotchedwera Colgate.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

Pali makina atatu amene anthu amawasokoneza chifukwa onse ali ndi paipi yopita kumphuno. Makina a okosijeni amangowonjezera okosijeni mumpweya umene munthu akukoka yekha, sasuntha chifuwa. A CPAP amakankha mpweya pa mlingo umodzi wosasintha kuti njira ikhale yotsegula, koma kukoka ndi kutulutsa kumakhalabe kwa mwiniwake. A NIV okha ndiwo amalandira mbali ina ya ntchito ya minofu.

Wodwala akangoyamba kukoka mpweya, makina amamva kayendedwe kake m'paipi, ndipo sekondi isanathe amakweza mphamvu. Mlingo wapamwambawu umatchedwa IPAP. Akayamba kutulutsa, mphamvu imatsikira pa mlingo wapansi, wotchedwa EPAP. Mphamvuyi imayezedwa m'masentimita a madzi, ndiye kuti kutalika kumene mpweyawo ungakankhire madzi m'kapaipi koimirira. EPAP kawirikawiri imakhala 4 kapena 5, pamene IPAP imayambira cha pa 10 kapena 12 ndipo kwa odwala COPD imatha kupitirira 20. Thandizo lenileni ndi kusiyana kwa manambala awiriwa. Ngati IPAP ndi 18 ndipo EPAP ndi 4, wodwala akulandira masentimita 14 pa kupuma kulikonse, ndipo ndi amenewa amene amakulitsa mpweya wolowa n'kutsuka woipa uja. Makinawo amapatsidwanso nambala yochepetsetsa ya kupuma, mwina 12 kapena 14 pa mphindi, kuti wodwala akachedwa ali m'tulo, amuyambire okha.

Mlingo wapansi nawo si wachabe. Umagwira kukhosi kuti kusatsekeke, komanso umakankhira kunja mpweya umene wodwala wangotulutsa. Makina ambiri a panyumba ali ndi paipi imodzi yokha, choncho mpweya wotuluka umadzera pa timabowo ta pamasiki kapena ta pamene paipi yalumikizana ndi masiki. Timabowoti timangoti fwii usiku wonse, ndipo wosadziwa amaganiza kuti masiki yabooka, n'kutimata ndi selotepi. Kutero n'kubwezera wodwala mpweya woipa womwe wangoutaya.

Ngozi ina imachitika ndi anthu a mtima wabwino. Wodwazika matenda akaona m'bale wake ali wefuwefu, dzanja limathamangira kokwezera okosijeni. Kwa munthu amene thupi lake limasunga mpweya woipa, okosijeni wochuluka amatha kuukweza kwambiri mpweya woipawo. Kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni kamaonetsa 99, onse n'kuusa moyo, pamene wodwala akulowa m'tulo tovuta kudzuka. Kachipangizoko sikayeza mpweya woipa. N'chifukwa chake kwa odwala oterewa madokotala amafuna kuti nambala ya pachala ikhale pakati pa 88 ndi 92 basi. Amene akufunika okosijeni wowonjezera amamulumikizira ku paipi ya NIV pa mlingo umene dokotala walemba.

Chochititsa chidwi n'chakuti thandizo la usiku wokha limakonza ndi masana omwe. Chichewa chili ndi mawu amodzi, kupuma, otanthauza kukoka mpweya komanso kuleka ntchito kwa kanthawi, ndipo makinawa amachita zonse ziwiri: amapumira wodwala kuti minofu yake ipumeko. Komabe akatswiri ambiri amaona kuti chachikulu chimachitikira ku impso ndi ku ubongo. Mpweya woipa ukamatsukidwa usiku uliwonse, impso zimataya bicarbonate imene zinasunga, ubongo n'kuyambiranso kumva msanga mpweya woipa ukakwera, ngakhale masiki itavulidwa. Chifuwa chouma chimafewako chifukwa chotambasulidwa maola ambiri, ndipo tulo timakhala tosadukizaduka. Choyamba kutha ndi mutu wa m'mawa uja, nthawi zina pa masiku owerengeka.

Zimene kafukufuku anapeza

Kwa odwala a minofu yofooka ndi a msana wopindika, phindu linaoneka msanga moti panalibe zokangana zambiri. Ku Newcastle ku Britain, madokotala atabwerera m'mabuku a anyamata odwala Duchenne anapeza kuti m'zaka za m'ma 1960 ankamwalira ali ndi zaka pafupifupi 14, pamene amene anapatsidwa makina a usiku kuyambira mu 1990 ankafika zaka 25. Kafukufuku wina wa mumzinda womwewo, wofalitsidwa mu 2006, anaonetsa kuti odwala ALS amene minofu yawo yomezera ndi yoyankhulira inali isanafooke kwambiri anawonjezera masiku pafupifupi 205 pa moyo wawo, ndipo masikuwo anali abwinopo. Kwa onenepa kwambiri amene kukhosi kwawo kumatsekekanso m'tulo, CPAP yokha nthawi zambiri imakwanira.

Nkhani ya COPD ndiyo inatenga nthawi. Kafukufuku woyambirira sankaonetsa phindu lenileni, ndipo madokotala ambiri anagwa mphwayi. Pambuyo pake zinadziwika kuti makina ankatcheredwa pa mphamvu yochepa, poopa kuvutitsa odwala, moti mpweya woipa sunkatsika n'komwe. Mu 2014 madokotala a ku Germany ndi Austria anafalitsa zotsatira za odwala 195 amene matenda awo anali atakhazikika koma mpweya woipa uli wokwera. Ulendo uno mphamvu inakwezedwa mpaka magazi ataonetsa kuti mpweyawo watsikadi. Patatha chaka, pa gulu la makina anamwalira 12 pa 100 alionse, pamene pa gulu lopanda makina anamwalira 33.

Nthawi yoyambira nayo inapezeka kuti ndi nkhani. Chaka chomwecho kafukufuku wa ku Netherlands, amene anapereka makina kwa odwala atangodutsa kumene pa kudwalika kwadzidzidzi m'chipatala, sanapeze kusiyana, chifukwa ambiri mwa iwo mpweya woipa ukanatsika wokha akamachira. A ku Britain anachita mosiyana. Anadikira milungu iwiri mpaka inayi, anayezanso magazi, n'kusankha okhawo amene muyezo wawo unali udakali pamwamba pa 53 mmHg. Zotsatira za odwala 116 zinatuluka mu 2017: olandira okosijeni yekha ankabwerera kuchipatala kapena kumwalira pakatha mwezi umodzi ndi theka, pamene olandira okosijeni ndi NIV ankatha miyezi yoposa inayi. Makina omwewo, matenda omwewo, koma zotsatira zinatsamira pa kusankha wodwala woyenera ndi kutchera mphamvu yokwanira.

Masiki ndi usiku woyamba

Chimene chimagwetsa njira imeneyi kawirikawiri si makina, ndi masiki. Munthu amene akubanika kale sangakondwere kuti chinthu chimuphimbe nkhope n'kumamupopera mphepo. Namwino wodziwa ntchito sayamba usiku. Amayamba masana, wodwala atakhala tsonga, malamba osamanga. Amamupatsa masiki kuti aigwire yekha m'dzanja, ayike pankhope mphindi ziwiri kapena zitatu pa mphamvu yochepa, achotse akafuna, ayikenso. Mapewa amene anali m'mwamba akayamba kutsika, mitsempha ya m'khosi n'kuleka kudzuka, ndiye kuti wodwala ndi makina amvana. Ena amagona pompo, tulo toyamba tokoma patapita miyezi. Malamba amamangidwa pambuyo pake, ndipo mphamvu imakwezedwa pang'onopang'ono pa masiku angapo.

Kumanga malamba kuli ndi luso lake. Akalekerera, mpweya umathawira m'maso, m'mawa maso ali psuu. Akathinitsa, mphira umadya khungu la pamwamba pa mphuno, pamene fupa lili pafupi, ndipo chilonda cha pamenepo chimatha kuimitsa chithandizo kwa milungu. Muyezo wake ndi wakuti zala ziwiri zilowe pansi pa lamba. Ndevu zimathawitsa mpweya. Agogo amene mano anatha, masaya n'kulowa, amavuta kuwapezera masiki yokwana. Wovala masiki ya pamphuno pokha akamagona kukamwa kuli yasa, mpweya wonse umatulukira pakamwa, choncho amafunika lamba wa pachibwano kapena masiki yophimba mphuno ndi pakamwa. Palinso timapilo tofewa tolowa m'mabowo a mphuno, tothandiza amene ali ndi chilonda kapena amene amachita mantha akaphimbidwa. Kwa ana, masiki yofinya malo amodzi kwa zaka imatha kuphwatalitsa mafupa a nkhope amene akukula, motero amasinthasintha mitundu.

Kuuma kwa kukamwa ndi m'mphuno kumachepa ndi kabotolo kofunditsa madzi kolumikizidwa ku paipi, ndipo madziwo ayenera kukhala oyera, osinthidwa tsiku lililonse. Ena amameza mpweya, mimba n'kutupa, makamaka akavala masiki atangodya kumene nsima yamadzulo. Masiki imatsukidwa ndi sopo wamba tsiku ndi tsiku, ndipo kasefa ka kumbuyo kwa makina kamafuna kuonedwa pafupipafupi m'nyengo ya fumbi. Kuti phindu lioneke pamafunika maola osachepera 4 kapena 5 usiku uliwonse. Makinawo amasunga okha chiwerengero cha maola ndi kuchuluka kwa mpweya wothawa, choncho dokotala amadziwa zoona ngakhale wodwala atanena kuti amavala usiku wonse.

Malire ake

Masiki siteteza njira ya mpweya. Munthu wokomoka, amene akusanza, kapena amene sangathe kuivula yekha popanda womuyang'anira, akhoza kutsamwa ndi masanzi ali mkati mwake. Amene minofu yake yomezera yafooka moti malovu akumutsamwitsa sapindula kwenikweni. Makinawa satsokomolanso m'malo mwa munthu. Odwala a minofu yofooka amafunika kuthandizidwa kutulutsa makhololo, kaya pokankhidwa pamimba ndi manja pamene akutsokomola, kaya ndi makina ena opopa ndi kuyamwa mpweya mwadzidzidzi.

Makinawa sachiza matenda. Pa matenda opitirira kukula monga ALS, maola amawonjezeka: usiku wokha, kenako ndi masana pogona, kenako pafupifupi tsiku lonse, wodwala akumayamwa mpweya pa kapaipi ka pakamwa pamene ali pa njinga yake ya olumala. Akafika podalira makina maola oposa 16 pa tsiku amafunika makina achiwiri ndi batire lodalirika, chifukwa kuzima kwa magetsi kumakhala nkhani ya moyo ndi imfa. Funso loboola pakhosi limabweranso pamenepa. Stephen Hawking anabooledwa mu 1985 atadwala chibayo ku Geneva, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2018, koma mawu ake anathera pomwepo. Ena amakana njira imeneyo, n'kusankha kupitiriza ndi masiki mpaka pamene ingathandizire, pambuyo pake n'kulandira mankhwala ochepetsa kubanika. Zokambirana zoterezi zimayenda bwino zikachitika msanga, wodwala akadali wotha kunena yekha zimene akufuna.

Kumene zipangizo ndi zochepa, chopinga si mtengo wa makina wokha. Pamafunika magetsi osazimazima kapena sola yokhala ndi batire lotha usiku wonse, makina oyezera mpweya wa m'magazi, mamasiki a masaizi osiyanasiyana, ndi anthu odziwa kutchera. Malawi ali ndi phunziro lake pa nkhaniyi, ngakhale kuti ndi la ana odwala mwadzidzidzi. Yunivesite ya Rice ya ku Houston, mogwirizana ndi madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, inapanga makina a CPAP otsika mtengo otchedwa Pumani, ogwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'mathanki owetera nsomba. Mphamvu yake imatcheredwa ndi kuya kwa madzi m'botolo mmene paipi yamira, masentimita a madzi ooneka ndi maso. Pa makanda ovutika kupuma pachipatalapo, 71 pa 100 alionse oikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa olandira okosijeni yekha. Koma njira ya CPAP itayesedwa pachipatala cha boma cha Salima pa ana 644 odwala chibayo choopsa, m'chipinda mmene munalibe dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku, zotsatira zofalitsidwa mu 2019 zinali zina: anamwalira 17 pa 100 alionse a pa CPAP, ndi 11 a pa okosijeni yekha, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi isanakwane.

Wodwala amene wapita kunyumba ndi makina amayenera kuonedwanso pakatha milungu ingapo, kenako miyezi ingapo iliyonse, kuti magazi ayezedwe ndipo manambala asinthidwe malinga ndi mmene matenda akuyendera. Mphira wa masiki umalimba ndi kutha pakapita miyezi 6 mpaka chaka, ndipo mpweya umayamba kuthawa mwiniwake osazindikira. Mutu wa m'mawa kapena kusinza kwa masana zikabwereranso mwa munthu amene akuvala masiki usiku uliwonse, ndiye kuti mpweya woipa wayambanso kukwera, ndipo ayenera kukayezedwa sabata yomweyo, osadikira tsiku limene linalembedwa m'buku lake la kuchipatala.